Hita za gasi m'mavani ochapira: mafunso ndi mayankho kwa ogwira ntchito ku Mzuzu

Mafunso awa ndi amene eni mavani ochapa makapeti, masofa, matiresi ndi magalimoto, pamodzi ndi anyamata awo, amafunsa mobwerezabwereza za hita yotenthetsa madzi ndi gasi. Ziwerengero zomwe tapereka ndi za hita zofala. Ngati buku la hita yanu, kapena kachitsulo kolembedwa kamene kanakhomedwa pa hitayo, kakunena zosiyana, tsatirani zimenezo.

Kodi hita imeneyi imagwira ntchito bwanji?

Gasi amachoka m'silinda, kudutsa pa reguleta imene imatsitsa mphamvu yake, n'kuyenda m'payipi mpaka pa valavu ya hita. Akatero amatulukira pa timabowo ta majeti, kusakanikirana ndi mpweya, n'kuyaka pa burner. Pamwamba pa motowo pali koyilo, payipi yachitsulo kapena ya kopa yopindidwa mozungulira, momwe pampu imakankhiramo madzi ochokera m'thanki. Utsi umatulukira pa chumuni.

Pali tizipangizo tisanu timene timateteza anthu. Thermocouple imatseka gasi lawi likazima. Flow switch imalola moto kuyaka pokhapokha madzi akuyenda. Thermostat imazimitsa moto madzi akafika pa kutentha kumene mwatchera. High limit switch imadula gasi thermostat ikalephera. Valavu yotulutsa presha imatseguka madzi akapanikizika kwambiri m'koyilo. Tina mwa tizipangizo timeneti tikafa, hita imatha kuyakabe bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake anthu amatinyalanyaza.

Gasi wake ndi yemweyu timaphikira kunyumba?

Inde, ndi LPG, wosakaniza propane ndi butane. M'silinda amakhala wamadzimadzi, ndipo lita imodzi ikasanduka mpweya imadzaza malo a malita pafupifupi 250. Ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, propane kamodzi ndi theka, butane kawiri, choncho akatayika sakwera kudenga. Amatsikira pansi pa vani, m'mphako ya tayala la sipeya, pa sitepe ya chitseko, ngakhale m'ngalande imene ili pafupi. Amayaka akangokwana magawo 2 pa 100 a mpweya wa pamalopo. Fungo lake loipa lija amachita kuthiramo dala mankhwala otchedwa ethyl mercaptan kuti mphuno izimva.

Ndili ndi giza ya gasi ya m'bafa. Ndingaikhome m'vani?

Sitikulimbikitsa, ndipo chifukwa chake ndi chomwenso chili pansi pa mayankho ambiri pano. Vani ndi malo ang'ono otsekeka, ndipo imagwedezeka tsiku lonse. Giza ya m'nyumba inapangidwira khoma losasuntha komanso presha yochepa ya madzi a pampopi. Koyilo yake ndi yopyapyala, siingapirire pampu yochapira magalimoto imene imakankha madzi ndi presha ya 100 bar kapena kuposa. Malumikizo ake samangidwa moganizira mabampu ndi maenje a misewu yafumbi ya ku Mchengautuwa, Zolozolo kapena Masasa.

Onani kuchepa kwa malo. Kumbuyo kwa Toyota Hiace kapena Nissan Caravan kuli malo okwana ma cubic mita pafupifupi 6. Gasi wosakwana kota ya kilogalamu akatayikira m'menemo, zitseko zili zotseka, ndi wokwanira kuphulitsa vani yonse. Komanso kilogalamu imodzi ya gasi imafuna mpweya wa ma cubic mita pafupifupi 15 kuno ku Mzuzu kuti ipse bwino. Hita yaikulu ingamalize mpweya wa m'vani yotseka m'mphindi 10, ndipo lawi limayamba kutulutsa poizoni kale mpweyawo usanathe.

Ngati mwasankha hita yaing'ono yonyamulika yopangidwira panja, itsitseni m'vani pogwira ntchito ndipo ikhale kumbali yolowera madzi ku pampu, malinga ngati pampuyo imalola madzi otentha. Mapampu ambiri salola madzi oposa madigiri 60, ena 40.

Silinda ikhale pati?

Malo abwino ndi bokosi lachitsulo lakelake, lotsekeka kumbali ya mkati mwa vani, lokhala ndi bowo pansi lotulukira kunja. Bowolo lisachepere masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, liikidwe waya wa sefa kuti makoswe asalowe, ndipo lisayang'anizane ndi ekizozi. Musaunjikepo nsanza kapena zigubu. M'bokosimo musakhale batire, switchi kapena waya wa magetsi wolumikiza.

Silinda iime chilili, imangidwe ndi malamba awiri, lina m'munsi lina m'mwamba, omangiriridwa ku chitsulo cha vani ndi mabawuti. Chingwe cha mphira ya chubu sichokwanira. Wotsika Chiweta kapena wolowera ku Nkhata Bay pa M5 amadziwa mmene katundu amathamangira kutsogolo ukaponda buleki pa kona. Silinda ikagwa, chimene chimayamba kuthyoka ndi khosi la reguleta.

Bwanji osaigoneka kuti isagwe?

Ikagona, gasi wamadzimadzi ndiye amafika pa valavu. Akalowa m'reguleta amapita ku burner n'kubuka lawi lalikulu losaletseka. Kavalavu kotetezera kamene kali pa silinda nakonso kanapangidwa kuti kazitulutsa mpweya, osati madzi. Silinda imadzazidwa magawo 80 pa 100 okha kuti pamwamba patsale malo a mpweyawo, ndipo valavu iyenera kukhala pamalo amenewo nthawi zonse, ngakhale silindayo mukuiyesa yopanda kanthu.

Ndigule silinda ya makilogalamu angati, ndipo itenga maola angati?

Werengerani chonchi. Kilogalamu imodzi ya gasi imapereka pafupifupi 13 kWh. Kuti madzi a malita 10 pa mphindi achoke pa madigiri 20 kufika pa 60, pamafunika 28 kW zolowa m'madzimo. Kutentha kwina kumathawira pa chumuni, choncho hitayo imadya pafupifupi 35 kW, kutanthauza makilogalamu 2.5 kapena kuposerapo pang'ono pa ola. Silinda ya 19 kg ipereka maola pafupifupi 7 a moto woyaka mosalekeza, ya 9 kg maola 3 ndi pang'ono. Pa ntchito yeniyeni moto umayaka n'kuzima, ndiye imafika patali kuposa apa. Makina ochapa kapeti amagwiritsa madzi ochepa kwambiri, gasi wakenso ndi wochepa.

Koma kukula kwa silinda si nkhani ya maola okha. Silinda iliyonse ili ndi malire a gasi amene ingatulutse pa ola. Ya 19 kg imakwanitsa kilogalamu imodzi ndi pang'ono mosalekeza. Hita ya 35 kW imafuna masilinda awiri a 19 kg olumikizidwa pamodzi, kapena imodzi ya 48 kg, imene ndi yaitali kuposa mita ndipo ikadzaza imalemera makilogalamu oposa 80. M'vani yaing'ono awiri a 19 kg ndiwo osavuta kumanga ndi kusintha.

Kuti mudziwe gasi wotsala, ikani silinda pa sikelo n'kuchotsera kulemera kwa silinda yopanda kanthu, kumene kunadindidwa pa chogwirira chake.

M'mawa wa Juni ndi Julaye silinda imachita chisanu kunja ndipo moto umafooka. Yawonongeka?

Ayi. Gasi wamadzimadzi amafuna kutentha kuti asanduke mpweya, ndipo amakutenga m'chitsulo cha silinda ndi mpweya wozungulira. Mukamakoka wambiri, silinda imazizira, presha n'kutsika. Propane amawira pa madigiri 42 pansi pa ziro, choncho savutika, koma butane amasiya kuwira pafupi ndi ziro. M'mawa wa nyengo yozizira ku Mzuzu kumatsika pansi pa madigiri 10, ndiye silinda yotsala pang'ono, imene mwatsala butane wambiri, imafooka msanga.

Lumikizani masilinda awiri monga tafotokozera pamwambapa, kapena chepetsani madzi ndi moto. Silinda yotsala pang'ono isungireni masana. Musaiwambe ndi moto, musaiyandikize ku ekizozi ya jenereta, musaithire madzi otentha a pa mfuti yochapira.

Reguleta iliyonse ingagwire?

Ayi. Hita zambiri zimafuna presha yotsika, 2.8 kPa, imene ena amalemba 28 mbar, ndipo zina 30 kapena 37 mbar. Ziliponso za presha yokwera zokhala ndi reguleta yochita kutembenuza. Kachitsulo ka pa hita kamanena presha yoyenera. Reguleta ya presha yokwera pa hita ya presha yotsika imawononga valavu ndi kutulutsa lawi kunja kwa hita.

Onaninso makilogalamu pa ola olembedwa pa reguleta. Ya chitofu chophikira nthawi zambiri imapereka 1 kapena 1.5 kg pa ola, ndipo siingadyetse hita yaikulu. Zizindikiro zake zimafanana ndi za silinda yozizira.

Pa masilinda ambiri akuluakulu, nati ya reguleta imamangidwa potembenuzira kumanzere. Pamphuno pake pali kamphira kozungulira. Kayang'aneni nthawi iliyonse mukusintha silinda, ndipo sungani tina m'vani. Musakulungepo tepi yoyera ya mapulamba, chifukwa chimene chimatseka pamenepo ndi kamphirako, osati mazinga, ndipo tizidutswa ta tepi timakatseka majeti. Opanga ambiri amati reguleta isinthidwe isanapitirire zaka 10. Ya m'vani, imene imamwa fumbi ndi kugwedezeka, zaka 5 zakwana.

Nanga payipi?

Gulani payipi ya gasi yeniyeni, yolembedwa LPG, presha yake ndi chaka chimene inapangidwa. Payipi yothirira dimba, ya petulo kapena yoonekera mkati ija imauma n'kung'aluka. Yamphira ikhale yaifupi, yosapitirira mamita 2. Pamtunda wautali ikani payipi ya kopa kapena yachitsulo yomangidwa ndi timakilampu tokhala ndi mphira pa theka la mita lililonse. Podutsa pa chitsulo cha vani pakhale mphira yotchinga m'mphepete mwa bowo, chifukwa chitsulo chimacheka payipi pang'onopang'ono vani ikamayenda, ndipo chilondacho chimakhala kunsi kosaoneka.

Mangani nsonga zake ndi makilampu, osati waya kapena mphira ya chubu. Sinthani payipi ikakwana zaka 5 kuchokera pa chaka cholembedwapo, kapena msanga mukaipinda n'kuona timing'alu, ikauma gwa, kapena makoswe akaidya.

Ndingadziwe bwanji ngati gasi akutayika?

Sungunulani sopo wotsukira mbale m'madzi, gawo limodzi la sopo pa magawo atatu a madzi. Tsekani valavu ya hita, tsegulani silinda, pakani madziwo ndi kaburashi pa valavu ya silinda, pa nati ya reguleta, pa makilampu onse ndi m'litali mwa payipi. Dikirani mphindi imodzi. Thovu limene likukula kapena kubadwa mobwereza ndi gasi. Tsekani silinda, konzani, yesaninso. Mukamaliza tsukani ndi madzi oyera. Sopo wokhala ndi ammonia asagwiritsidwe ntchito chifukwa amang'alula buraasi. Machesi ndi laita si zoyesera.

Yesani posintha silinda iliyonse, komanso mukafika pa ntchito mutayenda msewu woipa.

Ndatsegula vani ndipo mukununkha gasi. Ndiyambe chiyani?

Musalize injini, musayatse jenereta, musakhudze switchi iliyonse, foni mukaimbire patali. Tsekani silinda ngati mungaifikire. Tsegulani zitseko zonse, makamaka chakumbuyo ndi chakumbali, kuti mphepo idutse pansi. Uzani anthu atalikire, ndipo yang'anani ngati pafupi pali mbaula, wowotcha chimanga, wowotcherera zitsulo kapena wosuta fodya. Fungo likatheratu, fufuzani ndi sopo. Ngati valavu ya silinda yeniyeniyo ndi imene ikutaya ngakhale yatsekedwa, itulutseni muiimike pabwalo, kutali ndi ngalande ndi nyumba, muitane amene anakugulitsani.

Ndondomeko yoyatsa ndi kuzimitsa ndi yotani?

Imikani vani panja, pamalo osapendekeka, chumuni chisaloze pawindo la kasitomala kapena pansi pa denga. Tsegulani zitseko. Onani madzi m'thanki. Yatsani pampu, finyani mfuti mpaka madzi atuluke mosadukiza popanda mpweya. Kenako tsegulani silinda pang'onopang'ono. Pa hita ya pilot, kalawi kakang'ono koyatsira burner, dinikizani kabatani, yatsani, gwiranibe masekondi 20 mpaka 30 kuti thermocouple itenthe. Nkhope ikhale pambali, osati pakabowo koyang'anira. Ikakana, tsekani mudikire mphindi 5 gasi wounjikana achoke. Kuyesanso mofulumira kungakupserezeni nsidze ndi manja.

Pozimitsa, yambani ndi moto. Pampu ipitirize kuyendetsa madzi mphindi 2 kapena 3 mpaka atuluke ozizira. Mukazimitsa pampu koyilo ikadali yotentha, madzi otsalamo amawira, kusiya layimu (mchere woyera woundana) m'kati ndi kuphulitsa mapayipi. Tsekani silinda, zimitsani pampu, finyani mfuti kuti presha ithe. Vani isayende silinda ili yotsegula kapena pilot ikuyaka, ngakhale mukungosuntha kuchoka ku Katoto kupita ku Chibavi, ndipo pomwetsa mafuta zonse zikhale zozima.

Lawi labwino limaoneka bwanji? Langa ndi lachikasu ndipo likudetsa koyilo.

Labwino ndi labuluu, lokhazikika pa burner, lofanana mbali zonse. Timadontho tofiirira tothwanima ndi fumbi chabe. Lawi lachikasu, lalitali, logwedera, losiya mwaye, likusowa mpweya, ndipo likupanga carbon monoxide. Lawi lodumpha kuchoka pa burner ndi phokoso likusonyeza presha yokwera kapena mpweya wochuluka.

Zoyambitsa lawi lachikasu, kuyambira chofala: fumbi ndi ubweya wa makapeti pa mabowo olowera mpweya, ukonde wa kangaude kapena dothi la mavu m'khosi la burner, mwaye wotseka mipata ya koyilo, chumuni chopindika, reguleta yolakwika, ndi majeti amene wina anawakuza. Tsekani silinda, dikirani hita izizire, chotsani burner, tsukani ndi burashi yofewa ndi kupemerera ndi mpweya wa kompuresa. Jeti musaitokose ndi singano kapena waya. Bowo lake likakula pang'ono pokha, gasi amachuluka kuposa mpweya ndipo simungalibwezenso.

Palinso nkhani ya kukwera kwa malo. Mzuzu ndi yokwera mamita pafupifupi 1,250 kuposa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 14 pa 100. Hita imene inatcheredwa ku Durban kapena Dar es Salaam imalandira gasi yemweyo koma okosijeni wochepa. Ngati burner ndi yoyera koma lawi likadali ndi nsonga zachikasu, mmisiri atsegule chotchinga mpweya, ndipo ngati sizikukwanira aike majeti ocheperapo malinga ndi buku la hitayo. Mphamvu idzatsika pang'ono, koma koyilo idzasiya kuda.

Anyamata anga akumadandaula mutu ndi chizungulire akaweruka. Ndi gasi?

Ganizirani carbon monoxide musanaganize malungo, makamaka ngati akudwala awiri nthawi imodzi ndipo akupeza bwino akapuma panja kapena tsiku losagwira ntchito. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka nyengo yozizira. Ulibe fungo kapena mtundu. Umagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Umayamba ndi mutu, nseru, kufooka ndi kusokonezeka maganizo, kenako kukomoka.

Hita si gwero lokhalo. Injini ya petulo ya pampu kapena jenereta imatulutsa wambiri kuposa hita yoyaka bwino. Vuto limakula nthawi ya mvula, imene kuno imatenga miyezi yambiri, pamene anyamata amalowetsa vani m'galaja ya kasitomala kapena kutseka zitseko kuti makina asanyowe. Mangani kadenga ka lona kotseguka m'mbali, vani ikhalebe panja. Chumuni chitulukire padenga la vani, ekizozi ya injini itulukire kunja, kutali ndi khomo limene mapayipi alowera m'nyumba.

Munthu akayamba zizindikirozi, mutulutsireni pamphepo, zimitsani makina onse, mupite naye ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chapafupi, ndipo muuze adokotala kuti anali pafupi ndi utsi wa makina, kuti aganize zomupatsa okosijeni. Asamwe panado n'kubwerera pa ntchito.

Alamu imodzi ikwanira?

Pamafunika awiri, chifukwa mipweyayi ndi yosiyana. Ya LPG ikhale pansi, masentimita osapitirira 30 kuchokera pa fulo. Ya carbon monoxide ikhale pa msinkhu wa mutu wa munthu. Alamu yotsatira muyezo wa EN 50291 imalira pasanathe mphindi 3 carbon monoxide ikafika 300 ppm (magawo 300 pa miliyoni), koma pa 50 ppm imadikira ola kapena kuposa, choncho kusalira kwake sikutanthauza kuti mpweya uli bwino. Dinani batani loyesera sabata iliyonse. Tsiku lotha ntchito limalembedwa kumbuyo kwake.

Pilot ikungozima. Wina wandiuza kuti ndimange batani ndi waya. Pali vuto?

Lilipo lalikulu. Mukamanga batani, mphepo ikazimitsa lawi gasi apitiriza kutuluka m'vani, ndipo taona kale kuti wochepa chabe akukwanira. Konzani chimene chavuta. Nsonga ya thermocouple ilowe m'lawi la pilot pafupifupi sentimita imodzi. Ngati yada, ipukuteni ndi sandipepa yosalala. Nati yake ya ku valavu imamasuka ndi kugwedezeka, ndiye imangeni ndi zala kenako kota ya kuzungulira ndi sipanala. Thermocouple yamoyo ikatentha imapereka mamilivoti 25 mpaka 30 pa mita yoyezera magetsi. Ikachepa kwambiri isinthidwe, ndipo ndi nzeru kusunga ina m'vani. Ngati vuto ndi mphepo, tembenuzani vani.

N'chimodzimodzi kulumikiza waya modumpha flow switch kapena high limit switch. Mukadumpha flow switch, moto umayakabe mutasiya mfuti, madzi oima m'koyilo amasanduka nthunzi, ndipo chimene chiphulike ndi koyilo kapena payipi imene ili m'manja mwa munthu. Yesani flow switch tsiku lililonse: siyani mfuti, moto waukulu uzime m'masekondi ochepa. Ukapitirira, tsekani silinda, hitayo isagwirenso ntchito mpaka itakonzedwa. Makasitomala angadikire, kapena chapani ndi madzi ozizira.

Moto uli bwino koma madzi sakutentha ngati kale. Chavuta n'chiyani?

Kawirikawiri ndi koyilo yakuda, kunja ndi mwaye kapena m'kati ndi layimu. Zizindikiro za layimu ndi izi: geji ya pampu ikukwera koma pa mfuti madzi akuchepa, koyilo ikulira ngati ikuthetheka, tizidutswa toyera tikutseka nozo. Layimu amaundana msanga madzi akapitirira madigiri 60. Madzi a Northern Region Water Board ochokera ku damu la Lunyangwa savuta kwenikweni pa nkhaniyi poyerekeza ndi a pamjigo, amene nthawi zambiri amakhala ndi mchere wambiri. Ngati mumatunga pamjigo kapena mumtsinje, sefani madzi asanalowe m'thanki ndipo tsukani sefa ya pampu sabata iliyonse.

Potsuka layimu, tsekani gasi, chotsani nozo, sungunulani mankhwala ochotsa layimu a citric acid kapena sulfamic acid mu ndowa ya malita 20 malinga ndi muyezo wa pa paketi. Payipi yokoka ndi yotulutsa zonse zilowe mu ndowamo, madzi azungulire ozizira kwa theka la ola. Kenako tsukani ndi madzi oyera mpaka thovu ndi mtundu zithe. Valani magolovesi ndi magalasi. Asidi wa batire amadya koyilo ndi mavalavu a pampu.

Ndapeza hita yogwiritsidwapo ntchito yochokera kunja. Ndiyang'ane chiyani?

Mtundu wa gasi. Hita zambiri za ku Ulaya ndi ku Japan ndi za gasi wa m'mapayipi a m'mizinda, amene majeti ake ndi aakulu. Zikalumikizidwa ku LPG zimabuka lawi lalikulu lamwaye. Pa kachitsulo, G30 kapena G31 kapena LP ndi zathu. G20, kapena 12A ndi 13A pa za ku Japan, si zathu, pokhapokha mutapeza majeti ndi zida zosinthira za hita yomweyo. Yopanda kachitsulo isiyeni. Onaninso mavoti, chifukwa za ku Japan ndi za 100 pomwe jenereta zathu ndi za 230.

Petulo ndi mankhwala ochapira ndingasunge m'vani momwemo?

Chigubu cha petulo chisakhale m'vani hita ikuyaka. Nthunzi ya petulo nayonso imayenda pansi n'kukapeza pilot. Thirani mafuta mu jenereta moto utazima ndipo injini itazizira. Thina, sipiriti ndi zopopera za m'zitini zikhale m'bokosi lotseka kutali ndi hita. Jik ndi mankhwala ena a chlorine akhale otseka bwino, popeza nthunzi yake ikalowa m'lawi imasanduka asidi amene amadya burner ndi koyilo. Matawulo onyowa asayanikidwe pa hita kapena pa chumuni.

Moto ukabuka kapena munthu akapsa?

Chozimitsira moto cha ufa, cha 4.5 kg kapena kuposa, chikhale pakhomo pamene mungachifikire muli panja, osati kuseri kwa thanki. Ngati mungatseke silinda popanda kudzipsereza, tsekani, moto wa gasi uzima wokha, ndipo ufawo muzimitsire zina zimene zagwira. Ngati simungatseke, musazimitse lawi la gasilo, chifukwa gasi wosayaka adzaunjikana n'kuphulika. Moto ukafika pa silinda, chotsani anthu onse apite kutali kwambiri, itanani ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ndipo muwauze kuti muli masilinda angati. Nambala yawo ilembedwe pa dashibodi.

Wopsa ndi moto kapena madzi otentha, thirani madzi ozizira oyenda pa balalo kwa mphindi 20, vulani mphete ndi wotchi, phimbani ndi nsalu yoyera. Mazira, mankhwala otsukira mano ndi mafuta ophikira asapakidwe. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa. Madzi a presha akaboola khungu, ngakhale bala lioneke ngati kadontho, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa kuwonongeka kumakhala m'kati.

Ndi ziti zoyenera kuona tsiku lililonse, ndipo mmisiri abwere liti?

Tsiku lililonse: fungo potsegula vani, malamba a silinda, bowo la pansi pa bokosi, mtundu wa lawi, ndi flow switch. Sabata iliyonse: sopo pa malumikizo onse, alamu, sefa ya madzi, mabawuti ogwira hita. Mwezi uliwonse tsukani burner ndi kuyang'ana chumuni, ndipo m'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, chitani kawiri.

Kamodzi pa chaka, mmisiri wodziwa za gasi ayese presha pa burner moto ukuyaka. Pa hita ya 2.8 kPa, madzi a m'chubu choyezera amasiyana masentimita pafupifupi 28. Ayesenso ngati presha ikutsika silinda itatsekedwa, awerengere masekondi amene thermocouple imatenga kutseka gasi lawi litazima, omwe asapitirire pafupifupi mphindi imodzi, ndiponso aone thermostat, high limit switch ndi valavu ya presha. Makanika wa injini kapena wowotcherera, ngakhale waluso, si mmisiri wa gasi. Zonse zilembedwe m'kabuku kokhala m'vani.

Malamulo akuti chiyani?

Malonda a gasi amayang'aniridwa ndi MERA pansi pa malamulo a za mphamvu a 2004, ndipo wogulitsa ayenera kukhala ndi chiphaso. Gulani kwa otero, silinda ikhale ndi chidindo pa valavu, ndipo kanani yadzimbiri kunsi, yophwanyika kapena yowotchereredwa. Kuthira gasi kuchoka m'silinda ina kupita m'inzake kuseri kwa nyumba kumadzaza mopitirira magawo 80 aja, ndipo silinda yotero ikatenthedwa imatulutsa gasi yokha. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la 1997 limapereka udindo kwa wolemba ntchito kuti antchito akhale otetezeka, choncho kuphunzitsa anyamata ndi kuwagulira magolovesi ndi ntchito ya bwana. Auzeninso a inshuwalansi kuti vani ili ndi gasi ndi hita. Kumbukirani kulemera: thanki ya malita 500 ndi theka la tani musanawerengere makina ndi masilinda.

Usiku, kapena vani ikaima masabata angapo, ndichite chiyani?

Tsekani silinda moto ukadali kuyaka ndipo madzi akuyenda, kuti gasi wa m'payipi apse athe, kenako ziziritsani koyilo monga mwa masiku onse. Imikani vani pamalo opita mphepo, osati pamwamba pa ngalande kapena dzenje la galaja. Munthu asagone m'vani muli masilinda, ngakhale pa ulendo wa ku Karonga pamene ndalama ya malo ogona yachepa. Kunyanja mu Okutobala ndi Novembala vani yotseka padzuwa imatentha kupitirira madigiri 50, choncho funani mthunzi ndipo siyani mpata wa mpweya. Mukagona ku Nyika mu Juni kapena Julaye, kumene madzi amatha kuundana usiku, khuthulani koyilo ndi pampu.

Ikaima nthawi yaitali, tsitsani masilinda muwasunge chilili panja pamthunzi, valavu itatsekedwa ndi chivindikiro chake. Mangani pulasitiki pa nsonga ya reguleta kuti tizilombo tisalowe, phimbani chumuni, ndipo mangirirani chikwangwani pa valavu ya hita chokukumbutsani kuvundukula chumunicho musanayatse. Pobwerera ku ntchito, chotsani burner muone ngati mavu sanamangemo, yang'anani mano a makoswe pa payipi ndi mawaya, kenako yesani ndi sopo.